PHUNZIRO LA ULIMI: KUBWEZERA NTHAKA CAKUDYA CACE

Munda uli monga nkhokwe: munthu akamangotapamo osabwezamo kanthu, tsiku lina adzapeza pansi pokhapokha. M'caka ca 2024 cilala cinapsereza cimanga m'Zambia, kotero kuti pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko liri pa tsoka. Mvula sitingathe kuilamulira. Koma nthaka inaikidwa m'manja mwathu, ndipo nthaka yonenepa isunga cinyontho masiku ambiri koposa yoguga.

1. Mtengo wa msangu. M'cigwa ca Luangwa, kwa Kambombo, kwa Tembwe ndi kwa Chikwa, ng'ombe ziri zosowa cifukwa ca kashembe, ndipo manyowa a m'khola sapezeka. Koma msangu ulipo. Mitengo yina iphuka masamba ndi mvula. Uwu uyoyola ace mvula ikayamba, nuphukanso m'cilimwe. Cotero sucititsa mthunzi pa mbeu, ndipo masamba ace abvunda pansi nasanduka manyowa. Mizu yace isonkhanitsa cakudya ca mbeu cochedwa nayitrojeni, comweco cimene tigula m'matumba a fetereza. Bungwe la Conservation Farming Unit, loyambidwa mu 1996, linalangiza alimi kubzala mitengo 100 pa hekitala, motalikirana mamita 10. Musaudule, ndipo muucinjirize ku moto ukali waung'ono.

2. Mapesi. Wotentha mapesi kuti agwire mbewa atentha cakudya ca munda wace. Agonekeni pansi: acinga dzuwa, aletsa madzi kukokolola dothi, ndipo ciswe ciwasandutsa nthaka.

3. Kasinthasintha wa mbeu. Pamene panali cimanga caka cino, caka ca mawa pakhale nsawawa, nyemba kapena soya, pakuti mbeu izi zibwezera nthaka mphamvu. Musataye mapira ndi cinangwa ca makolo athu, zimene zipirira dzuwa. Ndipo m'madambo mukhale mpunga, umene unachukitsa dzina la Chama kufikira ku Lusaka. Nyumba yodalira mbeu imodzi igona ndi njala mbeuyo ikalephera.

Nzeru izi zayesedwa kwathu kuno. Bungwe la COMACO, limene Dale Lewis analiyamba mu 2003, linapempha osaka nyama kuti apereke mfuti ndi misampha yao, ndi kuphunzira ulimi wotere. Liphunzitsa kubzala mtengo wa Gliricidia m'mizere pakati pa cimanga, ndi kufotsera masamba ace. Ndipo ligula mpunga, nsawawa ndi uci kwa alimi, nkuzigulitsa m'dzina la It's Wild! Munthu wokhuta za m'munda mwace sachera njobvu kapena njati.

Pa Levitiko 25 Aisrayeli analamulidwa kupumitsa minda caka cacisanu ndi ciwiri ciri conse. Ife minda yaticepera, sitingaigoneke caka cathunthu. Cifukwa cace tiyenera kuidyetsa ikali kugwira nchito. Msangu ucedwa kukula, ndipo phindu lace lioneka patapita zaka. Koma tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Bzalani mitengo khumi dzinja lino, kuti ana anu adzalandire munda wamoyo.

MAFUNSO
1. Msangu usiyana bwanji ndi mitengo yina?
2. Titaya ciani potentha mapesi?
3. Ndi mbeu ziti m'mudzi mwanu zimene zinapirira cilala ca 2024?