Phunziro: Katemera wotsekera malungo m'mimba mwa udzudzu

Ife a m'mbali mwa nyanja malungo timawadziwa. Dzinja likafika, madzi n'kudikha m'madambo ndi m'minda ya mpunga, mwana amatentha thupi usiku, mayi n'kusiya khasu, bambo n'kulephera kupita pamadzi. Lero tiphunzire za katemera amene akatswiri akuyesa, wofuna kudula njira imene matendawa amayendamo.

Tiyambe ndi njirayo. Udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles subadwa ndi malungo ayi, umawatenga kwa ife. Ukaluma munthu amene ali ndi tizirombo m'magazi, ngakhale iye asakumva kudwala, tiziromboto timakaswana m'mimba mwa udzudzuwo. Pakatha masiku 10 kapena kuposerapo timafika m'malovu ake, ndiye ukaluma wina umamusiyira.

Katemera watsopanoyu amagwira ntchito pamenepo. Munthu akabayidwa, thupi lake limapanga asilikali m'magazi. Udzudzu ukamuyamwa umameza tizirombo pamodzi ndi asilikaliwo, ndipo iwo amalepheretsa tizirombo kukula mkati mwake. Mmodzi mwa akatemera oterewa, wotchedwa Pfs230, wayesedwa pa anthu ku Mali, koma sanafike m'zipatala.

Apa timvetsetse bwino: wobayidwayo angathe kudwalabe malungo. Wotetezedwa ndi mwana amene wagona pambali pake, ndiponso mnzake wa khomo loyandikana. Choncho phindu lidzaoneka pokhapokha ambiri m'mudzi, akuluakulu omwe, atavomera kubayitsa. Paja chilimira sakoka munthu mmodzi.

Tisamusokoneze ndi katemera wa ana, RTS,S, amene anayamba kuperekedwa ku Malawi, Ghana ndi Kenya mu 2019, ndipo bungwe la WHO linamuvomereza mu 2021. Ameneyu amateteza mwana wobayidwayo, ngakhale kuti samuteteza kotheratu. Amabayidwa kanayi, kuyambira mwana ali ndi miyezi 5. Kumene akupezeka, tisaleke kupita kusikelo tisanabayitse wachinayi.

Nanga podikira watsopanoyo tichite chiyani? Thupi likatentha tikayezetse magazi tsiku lomwelo. Akatipatsa LA timalize masiku onse atatu, tisasungireko wina. Neti ndi yogonamo, si yogwirira usipa kapena kutchingira mbewu kudimba. Asodzi ogona padoko, tengani yanu pamodzi ndi nyali. Udzudzu umene walephera kutiluma usiku uno sudzapeza choti ukapatsire mwana kumudzi.