Phunziro 6: Kusoka Jekete ya Chitenje ndi Kaphunzitsidwe ka Malangizo

Chiyambi

Ophunzira ambiri akauzidwa kuti alembe malangizo, amatchula mfundo zonse koma mosokoneza ndondomeko. M'phunziro lino muona momwe ntchito ya telala ingakuthandizireni kuthetsa vutoli. Tasankha jekete ya chitenje yovala pachinkhoswe kapena paukwati chifukwa ophunzira anu nsaluyi amaidziwa, kaya muli ku Dedza, ku Chipata kapena ku Angónia, komwe m'masitolo amaitchula kuti capulana.

Zolinga

Pomaliza phunziroli muthe:
- kufotokoza ndondomeko yosokera ndi kukongoletsa jekete;
- kuphunzitsa aneni olamula ndi mawu osonyeza nthawi.

Kasokedwe ka jekete

Werengani malangizo awa mokweza, monga momwe mudzawawerengere m'kalasi.

1. Chapani chitenje ndi kuchisita musanachidule. Nsalu ya thonje imafupika ikachapidwa koyamba, choncho jekete yosokedwa ndi nsalu yosachapa imadzathina.
2. Yezani chifuwa, mapewa, msana ndi kutalika kwa mikono ya mwiniwake.
3. Jambulani zigawo ndi choko: chakumsana, ziwiri zakutsogolo, manja awiri, kolala ndi matumba. M'mbali monse siyani sentimita 1.5 ya msoko. Chitenje chimodzi chimakhala cha mamita 2, ndipo jekete ya manja aatali ya munthu wamkulu imafuna zitenje ziwiri.
4. Musanadule, onetsetsani kuti maluwa a nsalu akumana bwino kutsogolo, podutsa mabatani.
5. Petani kolala ndi matumba ndi ulusi wowala zigawo zisanalumikizidwe, nsalu ikadali yoyalika.
6. Lumikizani mapewa, m'mbali ndi manja. Mukatero muvekeni mwiniwake kuti muone pothina ndi pokhwepa.
7. Sokererani nsalu ya m'kati kuti ibise mfundo za ulusi, kenako isiteni jeketeyo.
8. Pomaliza sokererani mabatani ndi mikanda, chifukwa simbi yamoto imasungunula mikanda ya pulasitiki.

Zoti muunike m'chiyankhulo

Choyamba, onani aneni olamula: chapani, yezani, petani. Mneni wotere akatenga kaphatikizo koimira dzina, "a" wa kumapeto amasanduka "e". Timati "sitani jekete" koma "isiteni". "Vekani mwiniwake" koma "muvekeni". Apa ndi pomwe ophunzira amene Chichewa kapena Chinyanja si chiyankhulo chawo choyamba amaphonya kawirikawiri.

Chachiwiri, onani mawu ogwira ndondomeko: musanadule, mukatero, kenako, pomaliza. Afunseni ophunzira kusiyana kwa "chapani musanadule" ndi "chapani mukadula". Mawu asintha pang'ono, koma wotsatira langizo lachiwirilo wawononga zitenje ziwiri, ndipo nsalu yodulidwa siibwerera. Wophunzira akaona kuti kulakwitsa mawu kungasiye mkwati wopanda chovala, sadzaiwalanso.

Chachitatu, mneni "kupeta" ali ndi matanthauzo awiri: kupeta chimanga m'lichero ndi kupeta nsalu ndi singano. Athandizeni ophunzira kupeza tanthauzo loyenera poona mawu oyandikana nawo.

Ntchito

1. Lembani malangizo asanu ndi atatuwa pa timapepala, muchotse manambala, ndipo mutisakanize. Ophunzira atiyale m'ndondomeko yake, napereke chifukwa pa sitepe iliyonse.
2. Sinthani malangizo atatu akhale oletsa, monga "musasite mikanda".
3. Pitani kwa telala wa pamsika wakwanu, mumufunse mayina a zipangizo zake. Lembani mawu obwerekera, monga sizasi, tepi ndi kolala, ndipo muwayerekeze ndi omwe apeza aphunzitsi anzanu a kutsidya kwa malire.

Kumbukirani

Poyesa malangizo omwe wophunzira walemba, musayambe ndi kalembedwe ka mawu. Mupatseni mnzake awatsatire pogwiritsa ntchito nyuzipepala yakale m'malo mwa chitenje. Zigawo zikalumikizana, malangizowo ndi omveka. Zikakanika, funani sitepe yomwe yadumphidwa kapena yaikidwa posayenera, ndipo mukonzere pamenepo.