Kutsogolera ulendo wopepuza mtima ku Chiputo

Munthu wa ku Chiputo safunika kuphunzitsidwa kuyenda. Amayenda kupita kumunda, kudimba, kuchigayo, kumaliro a mudzi wachitatu. Koma maulendo onsewa amakhala ndi katundu pamutu ndi changu m'miyendo. Ulendo umene tikunena pano ndi wa anthu ochepa, opanda mtolo, oyenda mosafulumira m'thengo kuti yemwe nkhawa zikumusowetsa tulo apezeko pomasukira.

Ku England, dokotala William Bird adayambitsa maulendo oyenda pagulu olimbitsa thupi m'mudzi wa Sonning Common mu 1996, ndipo owatsogolera adali anthu wamba ongodzipereka. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda adayamba mu 2006 ntchito ya Friendship Bench, yophunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ovutika maganizo atakhala nawo pabenchi panja pa chipatala, ndipo kafukufuku wa mu 2016 adaonetsa kuti ambiri adapezadi bwino. Konseku ntchito yaikulu idagwiridwa ndi anthu wamba. Inunso mungathe.

Yambani kwa mfumu. Musaitane munthu ndi mmodzi yemwe a nyakwawa asanamve, chifukwa gulu lolowa m'tchire mosadziwika limabala mphekesera dzuwa lisanalowe. Kuno ndi kwa Achewa a Kalonga Gawa Undi, ndipo thengo lili ndi eni ake. Funsani mwachindunji kuti, "Mfumu, ndi kuti kumene sitiyenera kupondako?" Akuuzani za manda ndi dambwe. Gulu la amayi ndi anthu osameta likasochera kudambwe, mlandu wake ndi wanu, ndipo ulendo wathera pomwepo. Mukachoka apo kadziwitseni a secretário, alembi a m'dera lanu, kenako APE, wazaumoyo wa m'mudzi, ndi anamwino a pachipatala chapafupi. Awa mudzawafuna tsiku lina.

Chachiwiri ndi dzina. Mukalengeza kutchalitchi kuti mwayambitsa ulendo wa odwala maganizo, mudzayenda nokha. Ndani angafune kuti pamjigo azimuloza kuti walowa m'gulu la amisala? Upatseni ulendowo chifukwa chimene mudzi ukuchidziwa kale: masuku akapsa mukukatola masuku, mvula ikakhazikika mukukazula bowa, m'chilimwe mukukaona kumene kwatsala udzu wofolera. Kuitana kukhale kwa pakhomo ndi pakhomo. Ganizirani za mayi wamasiye amene wasiya kubwera kuchigayo, bambo amene fodya wake sanabweze ngongole ya feteleza, mnyamata amene wabwerako chimanjamanja ku Tete kapena ku Katete. Mawu ake akhale ochepa: "Amayi, Loweruka m'mawa tikukatola masuku kuseri kwa phiri, ndidzakudzerani." Akakana musakakamize. Mudzapitenso sabata inayo. Itananinso awiri atatu osangalala bwino, kuti pasaoneke kuti mwasankha osweka mitima okhaokha.

Njira muyambe mwaiyenda nokha, kapena ndi mlenje wachikulire. Ikhale yozungulira, ya ola limodzi kupita ndi kubwera, yokhala ndi mthunzi wabwino pakati pake. Onani powolokera mtsinje, pamene pali njuchi, pamene anthu amatchera misampha, ndipo funsani ngati nyama zoopsa zaonekako posachedwa. Chigawo chino cha Tete chidaona nkhondo ziwiri, yomenyera ufulu ndi yapachiweniweni imene idatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Mu Seputembala 2015 boma lidalengeza kuti mabomba okwirira onse odziwika achotsedwa, komabe chitsulo chadzimbiri chachilendo mukachiona m'tchire musachikhudze. Ikani chizindikiro patali, kanenani kwa mfumu ndi apolisi. Kumbukiraninso kuti ena mwa achikulire anu adabisalapo m'mapiri omwewo. Wina akati njira iyo ayi, sinthani osafunsa chifukwa.

Nyengo yabwino yoyambira ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kukuzizira, zokolola zili m'nkhokwe. Mu Okutobala ndi Novembala nyamukani kusanache bwino ndipo mubwere dzuwa lisanakwere, mupewenso mbali imene kukuyaka moto wolusa. Tengani chigubu cha madzi owiritsa, nsalu yoyera yomangira bala, ndodo, ndi foni ngati netiweki imagwira. Anthu asapitirire khumi. Inu musatsogole ngati mukuthamangira basi. Wodziwa njira akhale patsogolo, inu kumbuyo ndi wofooka kuposa onse, chifukwa liwiro la gulu ndi la iyeyo.

Musananyamuke nenani lamulo limodzi, ndipo muzilibwereza ulendo uliwonse: zolankhulidwa m'thengo zimatsala m'thengo. Pamudzi pomwe aliyense ndi mbale wa mnzake, nkhani imodzi yokha ikatuluka palibenso adzatsegule pakamwa. Pa chifukwa chomwechi, yang'anani amene mwawaika pamodzi. Mkamwini sangadandaule za banja apongozi ake ali pambali, ndipo mtsikana sanganene za nkhanza za kunyumba pamaso pa abambo. Nthawi zambiri ndi bwino amayi akhale ndi tsiku lawo lotsogoleredwa ndi mayi mnzawo, abambo lawonso.

Tsopano ntchito yeniyeni. Anthu oyenda moyandikana sayang'anana m'maso, onse maso ali panjira, ndipo n'chifukwa chake mawu olemera amatuluka mosavuta kusiyana ndi pabwalo. Musawakoke. Yambani ndi za mvula, za mtengo wa chimanga. Kenako funso limodzi lofewa: "Malume, tulo mukulipeza masiku ano?" Akayankha kuti amadzuka pakati pa usiku n'kukhala maso mpaka tambala, musathamangire kunena kuti limbani mtima, kapena kuti ena ali ndi mavuto oposa anu. Musalalikire, ngakhale muli mkulu wa mpingo. Funsani kuti zidayamba liti, chikuwalemera kwambiri n'chiyani, ndipo iwo akuona kuti angayambire pati. Akakhala chete, yendani nawo chete. Akalira, chepetsani liwiro kuti enawo apitirire pang'ono. Pamthunzi paja khalani pansi, mugawane chinangwa kapena mtedza, ndipo amene sakufuna kulankhula asafunsidwe.

Dziwani polekezera panu. Inu si dokotala. Munthu amene wasiya kudya ndi kusamba kwa masabata, amene akumva mawu omwe ena sakuwamva, amene akugwa khunyu, kapena mayi amene wangobereka kumene koma sakufuna kuona mwana wake, akufunika chipatala. Wobwebweta thupi lili moto angakhale ndi malungo aakulu, ndipo ameneyo ndi wa lero lomwe. Wina akanena kuti kuli bwino kungofa, mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Akavomera, apa chinsinsi chatha, ndipo mumuuze kuti mudziwitsa wachibale amene iye amamukhulupirira. Asatsale yekha, mankhwala opopera fodya ndi thonje komanso a makoswe achotsedwe m'nyumba, ndipo mumuperekeze kuchipatala. Mozambique imaphunzitsa anthu otchedwa técnicos de psiquiatria oti azigwira ntchito m'maboma, choncho pemphani anamwino akulozereni kwa woteroyo, kaya ku Fingoé kapena ku Tete. Banja likafuna kupitanso kwa sing'anga kapena kumapemphero musakangane nalo, ingolimbikirani kuti kuchipatala afikeko.

Tsiku likhale lomwelo sabata iliyonse, pamalo omwewo, ngakhale abwere awiri okha. Nenani poyera kuyambira pachiyambi kuti palibe ndalama, sopo kapena feteleza, popeza ena adzaganiza kuti kumbuyo kwanu kuli bungwe. Pezani mnzanu wosinthana naye, kuti maliro kapena malungo akakugwerani ulendo usaime, ndiponso kuti zimene mwamva zikakulemerani mukhale ndi womuuza popanda kutchula maina.