Kusamalira Mwana Amene Wachitidwa Opaleshoni ya Mutu

Amayi, abambo ndi agogo a kuno ku Lundazi: mwana akagwa mumtengo wa mango, pangolo kapena panjinga yamoto n'kusweka chigaza, amatha kutumizidwa ku Chipata Central Hospital, mwinanso mpaka ku chipatala cha UTH ku Lusaka, kuti akachitidwe opaleshoni. Akamutulutsa, bala limaoneka lopola kunja pomwe mkati simunachire. Mavuto ena amayamba patapita masabata.

Chotidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti mwana akatentha thupi kapena kukomoka, tonse timathamangira kunena kuti ndi malungo. Kwa mwana wochitidwa opaleshoni ya mutu, zingakhale kuti majeremusi alowa pabala n'kufika pa ubongo. Musamugulire mankhwala kugolosale. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, ndipo mukauze anamwino za opaleshoniyo asanayambe n'komwe kumuyeza magazi. Tengani mapepala onse amene anakupatsani pomutulutsa.

Chitani chimodzimodzi ngati akusanza mobwerezabwereza, akuvuta kudzutsa, khosi lauma, dzanja kapena mwendo wafooka, kapena bala latupa n'kumatuluka mafinya. Madzi oyera mbee otuluka pabala, m'khutu kapena m'mphuno musawayese chimfine. Angakhale madzi ozungulira ubongo, ndipo podontha pamenepo ndi polowera matenda.

Kwa khanda, yang'anani liwombo ali phee, osati akulira. Likatukuka n'kulimba, mutu ukamakula msanga, maso akamangoyang'ana pansi, madzi akhoza kukhala akudzazana m'mutu. Mukapita kusikelo pemphani kuti amuyezenso mutu.

Nthawi zina madokotala amachotsa kachidutswa ka fupa kuti ubongo wotupa upeze malo, n'kudzakabwezeretsa pambuyo pake. Pamenepo pamakhala pofewa, ndipo mungaone pakugunda pansi pa khungu. Musapakanikize, musamugoneke mbali imeneyo, musatemepo mphini kapena kupakapo zitsamba. Pomubereka samalani mphuthu za khomo, ndipo asaberekedwe ndi mwana mnzake. Mwa ana aang'ono, fupa lobwezeretsedwalo limatha kusungunuka pang'onopang'ono, choncho tsiku limene anakulemberani kuti mubwererenso musaliphonye, ngakhale ulendo wake ndi wautali ndiponso wodula.

Mwana akayamba kugwedezeka ngati wa khunyu, mugonekeni chammbali, kutali ndi moto. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu. Ngati anapatsidwa mankhwala oletsa kukomoka, musawasiye nokha, ndipo mukatengenso ena asanathe.