Ndikavula yunifolomu, ntchito ya ndege ndiipeza?

Funso: Ndatha zaka 9 ku REME, m'gulu lankhondo la Britain, ndikukonza helikopita za Apache. Chaka chamawa ndikupuma. Kodi makampani a ndege anditenga? Msilikali wa kwathu ku Ntcheu.

Yankho: Akutengani achimwene, koma kusainira kuti ndege yakonzeka kuuluka kumafuna laisensi ya Part-66 yochokera ku Civil Aviation Authority. Ya helikopita ngati zanuzo ndi B1.3. Zaka zausilikali aziwerengera, komabe mudzalemba mayeso ndi kukonza ndege zosakhala zankhondo miyezi yosachepera 12.

Ambiri amagwera pa mapepala. Musanachoke, lembani ntchito iliyonse: tsiku, nambala ya helikopita, chomwe munamasula, abwana asaine. Mukangotuluka pageti, abwanawo kuwapezanso n'kovuta, amasamutsidwa kawirikawiri. Pa CV musadalire nyota zanu; nenani za injini ndi ma gearbox omwe munagwira.