Burashi ya Photoshop Ikalowa M'nyumba ya Eni

Achinyamata amene mwayamba kujambula pa kompyuta, ambiri a inu mumathera bandulo yonse pokopera maburashi a Photoshop, mafayilo aja othera ndi .abr, kenako n'kuwalowetsa mu Krita kapena GIMP poti awa ndi mapulogalamu aulere. Mukati muyese, burashi imene pa vidiyo inkayenderera ngati utoto wamadzi ikungosiya timadontho tondondozana, touma gwa. Pamenepo mumafulumira kunena kuti pulogalamu yaulere ndi yachabechabe. Mukuinamizira, ndipo zimandipweteka kuona mwana waluso akusiya chida chabwino chifukwa cha vuto limene akanalikonza asanamalize n'komwe kapu ya tiyi.

Burashi ya pa kompyuta ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi nsonga, kachithunzi kakuda ndi koyera kamene pulogalamu imadinda mobwerezabwereza monse mmene dzanja lanu likudutsa. Chachiwiri ndi malamulo ouza nsongayo zochita: italikirane bwanji podinda, ikule kapena ichepe mukakanikiza cholembera, itembenuke potsata mzere, imwazike, ikoke utoto umene uli kale pansi. Malamulowa amawerengedwa ndi injini ya pulogalamu, ndipo injini ya Photoshop si ya Krita, ya Krita si ya Procreate. Fayilo ikasamuka, chimene chimafika chathunthu ndi nsonga. Mwalandira khasu lopanda mpini, ndipo mpiniwo musema nokha.

GIMP inayamba kuwerenga mafayilo a .abr pa mtundu wa 2.4, umene unatuluka mu 2007. Mumaika fayilo mu foda ya maburashi, n'kuuza pulogalamu kuti iwerengenso fodayo, nsonga zonse n'kuonekera. Imatenga zithunzi zokha. Krita nayo imatero, koma ili ndi kamsampha kamene kamakola anthu ambiri: mukalowetsa .abr, simuipeza pamndandanda wa maburashi okonzeka kale. Dinani F5 kuti mutsegule pokonzera burashi, pitani pa Brush Tip, ndiye pa Predefined, nsonga zanu zili pamenepo zikudikira. Zina zikasowa musadabwe. Burashi yozungulira wamba ya Photoshop ilibe chithunzi m'kati mwake, imapangidwa ndi masamu, choncho palibe chimene Krita ingatolemo. Procreate kuyambira mtundu wa 5 mu 2019, ndi Clip Studio Paint kuyambira mu 2020, amayesa kumasulirako ena mwa malamulo aja, ndipo zotsatira zake zimayandikira, koma dzanja lozolowera limamva kusiyana pamzere woyamba.

Tsono posema mpini yambani ndi spacing, mtunda wa pakati pa kudinda kumodzi ndi kwina. Timadontho tija timachokera apa. Photoshop imaulemba mtundawu ngati peresenti ya kukula kwa nsonga, ndipo maburashi ake ambiri amayambira pa 25%. Krita imalemba chinthu chomwecho ngati 0.25. Mukafuna mzere wosalala tsitsani kufika pa 0.10 kapena kucheperapo, koma dziwani kuti mukatsitsa kwambiri pa nsonga yaikulu, kompyuta yofooka iyamba kutsalira m'mbuyo mwa dzanja lanu. Burashi ya masamba kapena miyala ndiye imafuna mtunda waukulu kuti chilichonse chioneke pachokha.

Kenako kukanikiza. Jambulani mizere itatu pa pepala loyera: umodzi mongokhudza, wina mokanikiza, wachitatu woyamba pang'onopang'ono, kulimba pakati, n'kutha mopepuka. Yang'anani chimene chikusintha. Pa burashi ya inki mumafuna kuti kunenepa kwa mzere kusinthe. Pa ya pensulo kapena choko mumafuna kuti kuda kwake kusinthe pomwe kunenepa kuli pafupifupi chimodzimodzi. Mu Krita izi mumazisankha nokha pa Size, Opacity ndi Flow, ndipo chilichonse chili ndi kamzere kokhota kamene mungakapinde kuti kagwirizane ndi kulemera kwa dzanja lanu. Ine ndimati kamzere kameneka ndi kofunika kuposa nsonga yeniyeniyo, chifukwa amene anapanga burashiyo anaikonzera dzanja lake ndi tabuleti yake, osati zanu. Ngati mukujambula ndi mouse, musavutike n'kufunafuna cholakwika: mouse siimva kukanikiza, ndipo theka la burashi lafa kale, kaya muli mu pulogalamu yanji.

Maburashi a udzu ndi tsitsi amafunanso kutembenuka. Udzu wonse ukaloza mbali imodzi pomwe dzanja lanu likukhota, tsegulani Rotation ndi kusankha Drawing angle.

Pali zina zimene sizisamuka konse, ndipo musatayepo tsiku. Mixer Brush ya Photoshop, ija yosakaniza utoto ngati wonyowa, imadalira injini ya kwawo. Mu Krita tengani nsonga yokhayo muiike pa injini ya Color Smudge, muyambire pamenepo. Kubwerera chakumbuyo n'kovutanso: Photoshop siiwerenga .kpp ya Krita kapena .brushset ya Procreate ngati burashi. Njira imene imadutsa paliponse ndi chithunzi wamba. Dindani nsonga kamodzi ndi utoto wakuda pa pepala loyera, pa kukula kwake kwenikweni, sungani ngati PNG, mukapangire burashi yatsopano kumene mukupitako. Chenjerani ndi Procreate, chifukwa kumeneko choyera ndicho chimapaka ndipo chakuda chimabisika, mosiyana ndi Photoshop ndi GIMP. Mukaona burashi ikudinda bokosi lonse lokhala ndi chibowo pakati, tembenuzani mitunduyo.

Pomaliza pali za mwini. Burashi ndi ntchito ya munthu, ndipo kuti pulogalamu yanu yatha kutsegula fayilo sizitanthauza kuti mwaloledwa. Maburashi otchuka a Kyle T. Webster, amene analowa ntchito ku Adobe, kampani yopanga Photoshop, mu 2017, amaperekedwa kwa olipira Creative Cloud ya kampaniyo, ndiye fayilo imene mnzanu wakutumizirani pa WhatsApp si mphatso yochokera kwa mwini wake. Opanga ena amalola kuti mujambulire zanu zokha koma osati zogulitsa, ndipo inu amene mukupangira makasitomala zikwangwani ndi zikuto za mabuku muyenera kuwerenga kafayilo ka chilolezo musanadinde kalikonse. David Revoy, wa ku France amene amajambula Pepper&Carrot, amagawa maburashi ake a Krita pansi pa chilolezo cha CC0, kutanthauza kuti mukhoza kuwagwiritsa ntchito pa malonda, kuwasintha ndi kuwagawira anzanu. Tsegulani imodzi mwa maburashiwo pa F5, muone mmene anapindira kamzere ka Opacity ndi pamene anaika spacing, kenako musinthe nsonga yokha n'kuikapo ija mwatenga ku Photoshop.