Ndege zomwe zinathera papepala: kodi zikanauluka ngati mmene zimaulukira mu gemu?

Pali gemu ina ya pakompyuta yotchedwa IL-2 Sturmovik: 1946, yomwe inatuluka mu 2006. Amene mumamvetsera m'kalasi ya History mwadabwa kale ndi dzinali, chifukwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inatha mu 1945. Eni gemuyi anachita dala. Funso lawo linali lakuti: bwanji nkhondoyo ikanapitirira chaka china? Choncho anaikamo ndege zomwe akatswiri a ku Germany anangozijambula koma sanazipange, monga Focke-Wulf Ta 183 ndi Heinkel Lerche. Okonda gemuyi nawonso amawonjezeramo ndege zawozawo. Ntchito imeneyi amati modding, ndipo chomwe munthu wawonjezeracho ndiye mod.

Ine chimene chimandikoka pa ma mod si kuwomberana ayi, koma manambala. Chithunzi cha ndege chomwe mumaona pa sikirini ndi chovala chabe. Kompyuta imaulutsa manambala: kulemera kwa ndege, kukula kwa mapiko, mphamvu ya injini. Ndiye ngati ndegeyo sinaulukepo, manambalawo achokera kuti? Tiyeni tione ndi Physics yomweyi mukuphunzira ku Fomu 3 ndi Fomu 4.

Tiyambe ndi ndege yomwe inaulukadi

Ndege ikakhala m'mwamba, pamakhala mphamvu zinayi zomwe zimalimbana. Weight imaikokera pansi, lift yochokera kumapiko imainyamula, thrust ya injini imaikankhira kutsogolo, pomwe drag, kutanthauza kukaniza kwa mpweya, imaibweza m'mbuyo. Injini ya jeti imayamwa mpweya kutsogolo, kuupanikiza, kuusakaniza ndi mafuta n'kuyatsa, kenako mpweya wotenthawo umatuluka mwaliwiro kumbuyo. Injini ikakankha mpweya chakumbuyo, mpweyawo umakankha injini chakutsogolo. Limeneli ndi lamulo lachitatu la Newton, basi.

Messerschmitt Me 262 inauluka koyamba ndi injini za jeti pa 18 July 1942, ndipo inayamba kumenya nkhondo mu 1944. Inali ndi injini ziwiri za Jumo 004, iliyonse yopereka thrust ya 8,800 N, zonse pamodzi 17,600 N. Itathiridwa mafuta ndi kuikidwa zipolopolo inkalemera pafupifupi makilogalamu 6,500. Tengani F = ma:

a = 17,600 ÷ 6,500 = 2.7 m/s²

Apatu sitinachotseko drag n'komwe, ndiye nambala yeniyeni inali yotsikirapo. Ndege yomwe inkafika makilomita 870 pa ola, kusiya kutali P-51 Mustang ya ku America yomwe inkathera cha m'ma 700, inali yochedwa kutenga liwiro. Adani ake anaizindikira msanga: ankaidikirira pafupi ndi bwalo lake n'kuiwombera ikamanyamuka kapena ikamatera. Mwaona? Masamu a mzere umodzi afotokoza njira yomwe asilikali ankamenyera nkhondo.

Tsopano tisinthe nambala imodzi

Ndege zambiri zapapepala zija ankaziwerengera injini yatsopano, Heinkel HeS 011, ya thrust pafupifupi 12,700 N. Wopanga mod akhoza kufufuta 8,800 n'kulemba 12,700, ntchito ya masekondi asanu. Liwiro likwera bwanji?

Ndege imafika pamapeto pa liwiro lake pamene thrust yafanana ndi drag. Koma drag imakula molingana ndi v², osati v. Mukawirikiza liwiro kawiri, drag imawirikiza kanayi. Thrust yathu yakula ka 12,700 ÷ 8,800 = 1.44. Square root ya 1.44 ndi 1.2. Ndiye kuti mphamvu yakwera ndi 44 peresenti koma liwiro langokwera ndi 20 peresenti: 870 × 1.2 = makilomita 1,044 pa ola.

Nambala yokongola, eti? Komatu ndi yabodza. Pamtunda wa mamita 6,000 kuchokera pansi, phokoso limayenda pafupifupi makilomita 1,140 pa ola. Ndege ikayandikira liwiro limeneli, mpweya wodutsa pamwamba pa phiko, womwe umathamanga kuposa ndegeyo, umayamba wafika pa liwiro la phokoso. Pamenepo pamabadwa ma shock wave, drag imakwera mwadzidzidzi, ndipo lamulo lathu la v² silikwaniranso. Me 262 ikapitirira Mach 0.86, kapena kuti pafupifupi makilomita 980 pa ola pamtunda umenewu, mphuno yake inkaweramira pansi yokha, woyendetsa n'kulephera kuidzutsa. Mod yomwe siwerengera zimenezi imakupatsani ndege yothamanga 1,044 bwinobwino, pomwe ndege yeniyeni ikanapha mwini wake.

Mankhwala a vutoli anali atadziwika kale. Mu 1935, pamsonkhano wa akatswiri ku Rome, Adolf Busemann anafotokoza ubwino wa mapiko opendekera kumbuyo pa ndege zothamanga kwambiri. Mapiko a Me 262 anapendekera madigiri 18.5 okha, ndipo cholinga chinali kulinganiza kulemera kwa ndege, osati liwiro. A Ta 183 anawajambula opendekera madigiri 40.

Pepala silikana

Ndiye Ta 183 ikanakhala chilombo cha m'mlengalenga, monga imaonekera mu gemu? Tili ndi poyesera. Nkhondo itatha, Kurt Tank, mkulu wa akatswiri a Focke-Wulf, anapita ku Argentina. Kumeneko anapanga ndege yotengera maganizo a Ta 183, yotchedwa Pulqui II, yomwe inauluka koyamba mu 1950 ndi injini yamphamvu ya Rolls-Royce Nene. Kunalibe mabomba ogwa pafakitale, nthawi inalipo. Komabe ndegeyo inavuta. Ikadzutsa mphuno kwambiri pa liwiro lochepa, mpweya wosokonekera wochokera kumapiko unkaphimba chipsepse chake chakumchira, chomwe chinali pamwamba ngati chilembo T, ndiye kuiwongolera kunkavuta. Oyendetsa awiri anafa pa ngozi poiyesa. Anangopanga zisanu zokha, ndipo ntchitoyo inathera pomwepo.

Palinso zina zomwe fayilo ya mod sisunga. Germany inkasowa nickel ndi chromium, zitsulo zopirira moto, moti mbali zina za Jumo 004 ankazipanga ndi chitsulo wamba chokutidwa ndi aluminiyamu. Injiniyo inkagwira ntchito maola 10 mpaka 25 basi, kenako n'kuichotsa. HeS 011 ija sinafike n'komwe popangidwa yambirimbiri. Mwa ma Me 262 oposa 1,400 omwe anapangidwa, ambiri sanamenye nkhondo chifukwa mafuta ndi oyendetsa odziwa ntchito zinkasowa. Ndipo ambiri mwa anthu omwe ankapanga ndegezi anali akaidi ndi anthu ogwidwa ukapolo ndi boma la Nazi, omwe ochuluka anafera pantchito yomweyo. Mukamva wina pa YouTube akunena kuti ndege zimenezi zikanapambanitsa Hitler, mufunseni za zitsulo, za mafuta ndi za anthu amenewa.

Sindikuti musasewere. Sewerani ndithu, ndipo amene muli ndi mwayi wa kompyuta yesani kupanga mod yanu, chifukwa mudzaphunzira Physics yambiri osazindikira. Koma nambala iliyonse muziifunsa komwe yachokera: kodi inayezedwa pa ndege youluka, inawerengedwa papepala, kapena wina anangoilota?

Nayi ntchito yanu. Heinkel He 162 inali ndi injini imodzi ya BMW 003 ya thrust 7,800 N, ndipo inkalemera pafupifupi makilogalamu 2,800. Pezani acceleration yake poyamba kuthamanga pabwalo, osawerengera drag, muyerekeze ndi ya Me 262. Kenako, pogwiritsa ntchito lamulo la v² lokha, werengani thrust yomwe ikanafunika kuti liwiro lake likwere ndi 10 peresenti. Lembani mayankho anu m'munsimu, ndipo muonetse njira yonse, osati yankho lokha.